Tsiku Limene Ndinabereka Galu ku Sikelo

Chisokonezo chimene chinachitika ku sikelo Lachitatu lija, amayi kubalalika ana ali m'manja, wina kusiya patapata pamzere, ndinachiyambitsa ndine. Ndikuvomera. Koma ndikanena kuti ndinamva chisoni, ndiye kuti ndakunamizani.

Ndinali Fomu 2, tikukhala ku Chinsapo m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Mayi anga anali atamwalira, bambo atakwatiranso. Bambo ankalondera nyumba ina ku Area 47, ndipo akafika m'mawa ankangogwera pamphasa. Mayi ondipeza sanali munthu woipa ayi, koma anali ndi khanda lawo, ndipo mawu amene ankandilankhula tsiku lonse anali owerengeka: madzi, makala, tseka chitseko. Kusukulu ndinali katswiri woseketsa. Amene anaika chule m'bokosi la choko ndine. Anzanga ankaseka mpaka misozi, koma belu likalira aliyense ulendo kwawo. Wondidikira ine pamphambano anali galu.

Anali galu wamkazi, wamng'ono thupi, wofiirira. Mayi anga anabwera naye kuchokera ku Thyolo ali kamwana, atamuika m'dengu la nthochi. Tsopano anali atakalamba, kukamwa kuli imvi, kuuwa anasiya kale. M'nyumba monsemo, amene tinkawakumbukira mayi tsiku ndi tsiku tinali awiri, iye ndi ine.

Zotupazo ndinazipeza ndikumuchotsa nkhupakupa. Ziwiri zinali m'nthiti, zofewa, zoterereka pansi pa chala. Chachitatu chinali pamimba pafupi ndi bere, cholimba ngati mtedza. Sindinauze munthu. Ndikanauza ndani? M'mawa uliwonse ndisanavale yunifomu ndinkachigwira chija cholimba, kuyesa ngati chakula. M'kalasi ndinkapezeka ndikufinya chala changa pansi pa desiki, kuyerekeza kukula kwake.

Lolemba lina khanda lija likukwawa linagwira galuyo pamimba, mayi ondipeza n'kuona.

"Bambo a mwana, taonani izi. Galuyu ali ndi matenda. Mwanayu chilichonse akuika m'kamwa."

Bambo anayang'ana ali chigonere. "Loweruka ndikamusiya kumtsinje."

Tanthauzo la kumtsinje ndinkalidziwa: chingwe ndi mwala.

"Ababa, zimenezi sizipatsirana," ndinatero.

"Iwe ndiwe dokotala?"

Funso limenelo ndilo linandipatsa nzeru. Ofesi ya za ziweto sindinkadziwa ngakhale kumene khomo lake linaloza, komanso palibe kondakitala akanalola galu m'minibasi. Koma sikelo inali pafupi, ndipo kumeneko anesi amagwira mwana aliyense amene wafika naye pamzere, osafunsa zambiri.

Lachitatu mayi ondipeza anapita kuchigayo, khanda kumbuyo. Ine sukulu ndinajomba. Ndinatenga chitenje chawo chakutchalitchi pachingwe, ndi kachipewa kaubweya ka khandalo. Galu ndinamuveka chipewa, n'kumubereka, n'kumufunditsa mutu womwe. Sanavute. Anaika chibwano paphewa panga ngati zimenezi tinkachita masiku onse, ndipo ndinkamva mtima wake ukugunda pamsana panga njira yonse.

Pamzere amayi anandilandira ndi manja awiri.

"Taonani mwana woleredwa uyu. Athuwa ungawatume ku sikelo?"

"Nanga mwamufunditsa chotere dzuwa lonseli, achimwene?"

"Chimfine, amayi. Sakufuna mphepo."

"Wa miyezi ingati?"

"Wakulako ndithu. Mano onse anamera."

Zonse zinayenda bwino mpaka pamene nyimbo ya kadyedwe ka ana inatha. Kenako kamwana kena pambali panga kanatulutsa mandasi. Ndinangomva chitenje chikusuntha. Mphuno yakuda inatuluka, kenako mutu wonse, chipewa chili pendeke, mandasi aja psiti!

"Mayo ine! Mwana wasanduka galu!"

Musandifunse kuti benchi inagwa bwanji. Wina anayamba pemphero, wina anathawira kuchimbudzi cha abambo. Bambo wa zaumoyo amene ankapachika ana pa sikelo anatsala atagwira kabudula woyezera, kukamwa kuli yasa. Ine ndinaima ndekha pakati pa bwalo, galu akutafuna pakhutu panga.

Nesi wina wachikulire, wamagalasi, anandigwira khutu n'kundikokera kuseri kwa chipinda cha katemera.

"Iwe, mutu wako ukuyenda? Kuno n'kwa agalu?"

Ndinali nditakonza bodza labwino, koma linandithawa. Ndinangomasula chitenje, n'kuloza pamimba. "Loweruka akamutaya kumtsinje, amayi. Akuti apatsira mwana. Galuyu anali wa mayi anga."

Anavala magolovesi, n'kugwada.

"Ine sindine dokotala wa agalu, wamva? Izi ziwirizi zikuoneka ngati mafuta chabe, agalu okalamba amatero. Ichi cholimbachi sindingakunamize, sindikudziwa. Ukafunse a za ziweto, makamaka chikayamba kukula kapena kuphulika. Koma chotupa chotere sichilumphira mwana."

"Mundilembere, amayi. Ababa sangakhulupirire pakamwa panga."

"Ndani angakhulupirire pakamwa pako?"

Analemba kumapeto kwa kope langa la sayansi, limene ndinali nditalipinda m'thumba: galuyu sangapatsire mwana zotupazi, koma mnyamatayu akwapulidwe.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Chitenje chija amayi a mpingo anachizindikira. Ndinapeza mayi ondipeza ataima pakhomo, ufa uli m'tsitsi.

"Chitenje changa chopempherera! Ndidzavala chiyani Lamulungu, anthu akundiloza kuti amake a galu ndi awo?"

Bambo anawerenga kope lija kawiri, milomo ikuyenda. Ndinaona kuti akufuna kuseka, koma anadzigwira. Anathyola nthambi ya mpanda n'kukwaniritsa mbali yachiwiri ya kalatayo, zikoti zisanu, chimodzi chinagwera pakhoma. Kenako anagamula: chitenje ndichape katatu ndi sopo wonunkhira, ndipo popeza ndasankha kukhala kholo la galu, ndichoke pabalaza ndizikagona naye kukhitchini yakunja mwezi wathunthu.

Za kumtsinje sanatchulenso. Loweruka linafika n'kudutsa.

Khitchiniyo inali yonunkha utsi, denga lodontha pakona imodzi, ndipo palibe amene ankabwerako kudzafunsa ngati tadzuka. Chotupa cholimba chija sichinachoke. M'mawa uliwonse ndinkachigwirabe, mtima uli m'mwamba, galu akundinyambita dzanja ngati wodwala ndine. Mwezi utatha bambo anati ndikhoza kubwerera pabalaza. Ndinawauza kuti sindinalape bwinobwino, andiwonjezere wina.