Mwana wa Sajeni Asamukanso

Mukafika kunyumba kwa a Dinah, kulikonse kumene akukhala chaka chimenecho, suzumirani kunsi kwa bedi. Mupezako makatoni opindidwa bwinobwino, omangidwa ndi chingwe, ena olembedwa kale kuti "mbale", ena "nsapato za Tiza". Mayi amenewa makatoni sataya. Azimayi a kutchalitchi ku Clondalkin, dera la mzinda wa Dublin ku Ireland, anachita kuwapatsa dzina loti a Transifa, ndipo eni akewo akamva amaseka nawo, ngati awayamikira.

Sanayambe dala ayi. A Dinah ndi mwana wa msilikali. Bambo awo, Sajeni Overstone Mwandira, akamva Lachitatu kuti asamutsidwa, Loweruka lole ya asilikali ili pakhomo. Zomba, Mzuzu, Lilongwe, Mvera, Chilumba, n'kubwereranso ku Zomba. Za sukulu sizinkavuta. Bambo ankapita kwa ahedi atavala yunifolomu, ahedi n'kulemba kalata ya transifa, n'kudinda. Lolemba mwana ankafika pasukulu yatsopano kalata ili m'thumba, ndipo ngakhale kalasi itadzaza mpaka pakhomo, ana ankafinyana n'kumupatsa pokhala. Akanabweza mwana wa sajeni ndani?

Ku Ireland anabwera mu 2009, mwana wawo Tiza ali kumsana, kudzapempha malo ngati othawa kwawo. Za bambo ake a Tiza tisazikumbe. Zaka zodikira mapepala anazithera m'mahositelo, ndipo nakonso inkangobwera kalata: longedzani, mukupita kwakuti. Azimayi ena ankalira. A Dinah ankamaliza kulongedza anzawo asanapukute misozi, n'kuyamba kuwalongedzera iwowo. Sukulu ya Tiza ankawathandiza kupeza ndi anthu a m'maofesi, iwo kwawo kunali kusita yunifolomu yatsopano basi.

Mapepala atatuluka panalibenso wowasamutsa. Mukuganiza kuti anakhala pansi? Aa, ndani! Anayamba kudzisamutsa okha. Ntchito yosamalira okalamba imapezeka paliponse, ndipo a Dinah amaidziwa: manja ofatsa, msana wolimba, sanyansidwa. Koma pakangotha zaka ziwiri, chinachake chimayamba kuwanyerenyetsa. Lero ati basi ya kuno imachedwa. Mawa ati zenera likuloza kolakwika. Amayenda yakaliyakali m'nyumba, kutsegula kabati, kutseka, mpaka tsiku lina mumangomva kuti ali ku Balbriggan, kenaka ku Tallaght.

Ku Clondalkin kokha ndiko anakhalako zaka zitatu zathunthu, osati chifukwa chokukonda, koma nyumba za lendi ku Dublin zasowa, woipeza amaigwira ndi manja awiri. M'zaka zitatuzo Tiza anamera mizu amayi ake osaona. Anali ndi zaka 16, chaka chamawa alemba Leaving Cert, mayeso omaliza a sekondale amene amatsegula khomo la yunivesite. Ankakonda fizikisi. Anali ndi mnzake wapamtima, Yande, mwana wa a Womba, namwino wa ku Zambia wokhala mumsewu womwewo.

Mu Januwale mnzawo wa kuntchito anawatsina khutu a Dinah kuti ku Skerries, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kunyumba ina ya okalamba, akufuna munthu, ndipo pali kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi. Loweruka anakwera sitima kukaona. Anaima padoko, mphepo ikuwakwapula kumaso, mtima wawo n'kupepuka ngati atula mtolo. Ntchito anavomera pomwepo. Lolemba anauza landilodi kuti pakutha pa Febuluwale atuluka. Lachiwiri ndipo anamuuza Tiza, mwanayo ali pathebulo ndi mabuku ake.

"Nanga sukulu?" anafunsa Tiza. Iye amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, monga ana ambiri okulira kuno.

"Sukulu si nkhani, iwe. Mawa ndikatenga kalata ya transifa."

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake a Dinah anatchena, n'kukafika ku ofesi ya sukulu ya Tiza. Mlembi wa pasukulupo, mzimayi waulemu wa magalasi, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anawafunsa kuti kalata yake iti.

"Ya transifa. Ahedi alembe, adinde, ndikapereke ku Skerries."

Mlembiyo anafotokoza pang'onopang'ono. Kalata yotsegula khomo la sukulu ina kuno kulibe. Sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake wa odikira, kholo limapempha lokha, ndipo ngati malo mulibe, ndiye kuti mulibe. Anafunsanso ngati apeza kale malo kumeneko. A Dinah anati apeza nyumba. Mzimayi uja anavula magalasi n'kuwayang'ana mwachisoni, ndipo chisoni chimenecho chinawapweteka kuposa chipongwe.

Sabata yotsatira inathera m'sitima. Akaweruka shifiti ya m'mawa, liwiro kusiteshoni, Skerries, Balbriggan, mafomu m'chikwama. Pasukulu yoyamba anati Tiza akhala nambala 23 pamndandanda. Yachiwiri anati ayesenso mu Ogasiti. Yachitatu anati mwina, mwina ndithu, malo angapezeke chaka chamawa, koma kalasi ya fizikisi inadzaza kale. Pamenepo a Dinah magazi anawira, anadzimva okha akuuza mnyamata wa pawindo kuti, "Ine ndine mwana wa msilikali, sindinabwezedwepo pasukulu!" Mnyamatayo anafunsa mwaulemu ngati bambowo ali m'gulu lankhondo la Ireland. A Dinah anati ayi, la Malawi, ndipo anamwalira kalekale. Anatuluka ndi manyazi ogwira mpaka m'makutu.

Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, a Womba anawakokera pambali.

"Imwe amake Tiza, manje muyenda kuti futi? Mwana ali pafupi kulemba mayeso. Simungayembekezeko chabe chaka chimodzi na hafu?"

"Amake Yande, ntchito ndavomera kale."

"Bwezani. Nchito ni zambiri, mwana ni umodzi."

Mawuwo anawalowa, ngakhale sanafune kuonetsa. Anaimbira landilodi kuti mwina asinthe maganizo. Munthuyo anapepesa: nyumba anailonjeza kale kwa banja lina, anthu makumi angapo anabwera kudzaiona tsiku limodzi. Khomo la kumbuyo linali litatsekeka. Anawerengera ulendo wochoka ku Skerries kupita kusukulu ya Tiza: sitima, kenaka kuyenda pansi, kenaka basi, maola awiri kupita, awiri kubwera. Mwana angawerenge nthawi yanji?

Ndiye anachita zimene amadziwa. Anatulutsa makatoni, n'kuyamba kukulunga mbale m'manyuzipepala. Anauza Tiza kuti akhala kaye pakhomo ku Skerries, aziwerenga yekha mpaka malo atapezeka.

"Ine ndinakhalapo teremu yonse pakhomo, tili ku Chilumba. Ndinafa?"

"Mayeso a Fomu 2 munalemba, Mami?"

A Dinah anaika mbale m'katoni. Mayesowo sanalembe. Dzina lawo linalembetsedwa kusukulu imene anaisiya, pofika nthawi ya mayeso banja linali kutsidya lina la dziko, ndipo sukulu inathera pomwepo. Nkhaniyi anamuuzapo Tiza kamodzi, moseka, osadziwa kuti mwana anaisunga.

"Mami, kodi mumathawa ndani? Agogo anamwalira. Palibe akukuthamangitsani."

"Iwe, ukuyankhula ndi ndani? Tenga katoni uyo, uyambe mabuku ako!"

Tiza anatenga katoniyo. Masiku otsalawo anali mwana womvera kuposa kale. Ankalongedza mwaluso, zolemera pansi, zosweka pakati pa zovala, monga anaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono. A Dinah ankamuyang'ana n'kunyadira mumtima kuti magazi a sajeni sanatayike. Koma tulo ndi chakudya zinawathawa, pakuti ankadziwa kuti akumuchita mwanayo chimene iwo anachitidwa, ndipo njira yoimira sankaidziwa.

Tsiku losamuka linali Lachisanu m'mawa, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene a Tarsizio, mkulu wa ku Balbriggan wonyamula katundu wa anthu pa vani, anali ndi mpata. Kunja kunkawaza mvula yopyapyala. Tiza ananyamula nawo zonse, matiresi, makatoni, ayironi, mpando wa m'khitchini. Vani itadzaza Tiza analowa m'nyumba yopanda kanthu ija. A Dinah ankayesa wapita kukaona ngati aiwala china.

Anatuluka atavala yunifolomu ya sukulu, chikwama kumsana, sutikesi imodzi kumanja. Kutsidya kwa msewu a Womba anali ataima pageti pawo, manja apinda pachifuwa, osayandikira.

"Nanga izi?" anafunsa a Dinah.

"Ine ndikhala kwa anti Womba mpaka ndilembe mayeso. Avomera. Ndizibwera Loweruka lililonse." Maso sanagwetse. Anatulutsa pepala m'thumba la jekete. "A kusukulu akuti musaine apa. Mukakana, ndikwera vaniyi. Koma musakane, Mami, chonde."

A Dinah anafuna kukalipa, kuitana a Womba kuti awafunse ngati kulanda ana a eni ndi khalidwe la kwawo. M'malo mwake anangolandira pepala lija. A Tarsizio anayamba kumangitsa chingwe chomangika kale, kuti asaoneke ngati akumva.

A Dinah anawerenga pepalalo mvula ikulidonthera. Linali fomu yosinthira adiresi ya mwana. Panali funso loti mwana akadwala kusukulu aimbire ndani. Pamzere woyamba Tiza analemba dzina la a Womba, nambala yawo ndi adiresi yawo, ndi bolopeni. Dzina la amayi ake linali pamzere wachiwiri, nalonso ndi bolopeni. Koma adiresi ya ku Skerries inali yolembedwa ndi pensulo, mopepuka.

"Bolopeni inatha?" anafunsa a Dinah.

"Ayi."

"Nanga bwanji pensulo?"

Tiza anayang'ana nsapato zake. Sananene mwamwano, ananena ngati munthu wofotokoza za nyengo.

"Kuti mukasamukanso ndingofufuta."

A Dinah anasamukapo kambirimbiri osagwetsa msozi, koma apa chinawalasa. Anatsamiritsa pepala pachitseko cha vani n'kusaina. Anamukonzera mwanayo kolala imene inali yokonzeka kale, n'kumuuza kuti athamange, belu limupeza panjira. Tiza anawakumbatira mwamphamvu, anakasiya sutikesi pageti pa a Womba, n'kukhota pakona ndi Yande.

A Tarsizio analiza injini, n'kuyang'ana mpando wapakati umene anaupukutira Tiza m'mawa uja.

"Tidikirenso wina, mayi?"

"Ayi," anatero a Dinah, akulira poyera tsopano. "Ndilipo ndekha. Tiyeni."