Magetsi Atazima, Manda a Amayi Anasowa

Lolemba m'mawa foni inalira ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Anali achemwali anga aakulu, a Felesiya, amene amakhala ku Dangamvura, dera lina la m'tauni muno. Sanayambe ndi moni, ndipo munthu wa kwathu akadumpha moni, dziwani kuti zinthu sizili bwino.

"Achimwene, kompyuta ija ikukana kutsegula maimelo. Tabwerani msanga."

Mwina mukuti, aa, nkhani yake yomweyo? Masiku ano ndani amalirira imelo? Tadikirani ndikuuzeni chimene chinali m'maimelomo.

Amayi athu anamwalira ine ndili wamng'ono, tikukhala pakomboni ya pulazi ina ya fodya ku Odzi, kumene bambo ankagwira ntchito. Anaikidwa kumanda a antchito, kuseri kwa nyumba zowotchera fodya. Manda amenewo analibe miyala yolembedwa mayina. Inali mitumbira chabe, ndipo odziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje, anali akuluakulu a pakombonipo.

Minda ya mapulazi itagawidwa kwa anthu, komboni inabalalika. Ena anapita ku Tsvingwe kukasaka golide, ena analowa m'tauni muno, ena anapita ku Malawi, dziko limene ambiri ankangolimva. Akuluakulu aja anatha mmodzimmodzi.

Koma achimwene athu oyamba kubadwa, malemu a Yohane, anali munthu woona patali. Zinthu zitakhazikikako, anabwereka kamera kuntchito kwawo, nakwera basi, nakapeza mtumbira wa amayi usanafafanizike. Anapempha munthu wodutsa kuti awajambule ataima pambali pake. Chithunzicho anachitumiza pa imelo kwa achemwali, ndipo analembamo mmene munthu angayendere kuchoka pamsewu mpaka pamandapo. Kenako anapita ku Joni ndipo anamwalirira komweko. Kamera inali ya eni ake. Chimene chinatsala ndi imelo ija, m'kompyuta yakale imene achemwali anatenga popuma ntchito yawo yotaipa.

Chaka ndi chaka takhala tikunena kuti tidzapita kukamanga chiliza. Kodi inu kwanu simunena zotero?

Ndiye sabata yatha uthenga unabwera kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi. Bambo amene anapatsidwa puloti ya pamalopo akukuza munda wake wa fodya, ndipo tchire lonse la kumanda kuja alilima. Iwo anamva kuti penapake m'tchiremo munagona Mabulandaya, monga amatitchulira anzathu achishona, koma mitumbira inaphwa kalekale, sikuonekanso. Ndi munthu waulemu, tisawanamizire. Anati ngati alipo wodziwa pamene pagona m'bale wake, abwere adzaloze, ndipo pamenepo adzapasiya. Anati thirakitala ifika Loweruka.

Lamulungu, atachoka kutchalitchi, achemwali anayatsa kompyuta kuti atenge chithunzicho akasindikize. Pulogalamu ya maimelo inali itakhala nthawi yaitali osatsegulidwa, ndiye inayamba kukoka maimelo onse amene anaunjikana. Ili mkati mokoka, magetsi anazima. Mmene Lolemba m'mawa ankayatsanso, pulogalamu inangotulutsa kauthenga koti fayilo yawonongeka.

Ndinawapeza atakhala khuma patsogolo pake, dzanja lili patsaya.

"Ndaizimitsa, ndaiyatsa, ndaizimitsanso, mpaka ndaipatsa khofi," anatero. "Sikumva."

Ine ndinati musadandaule achemwali, zinthu zimenezi zimakhala pa intaneti. Ndinalowa mu akaunti yawo pafoni yanga ndili ndi chikhulupiriro chonse. Munali maimelo ochepa atsopano basi. Akale onse munalibe. Achemwali anandiyang'ana kumaso nkudziwa okha.

Kompyutayo tinaikulunga m'bulangeti nkukwera kombi, ine nditaifukata ngati mwana wodwala. M'tauni muli mayi wina wokonza makompyuta, amene anthu amangomutchula kuti Mai Tino. Tinamufotokozera zonse m'Chishona chathu chapakomboni, ndi za manda zomwe. Anasiya zimene ankachita.

"Mwaitsegula kangati chizimireni magetsi?" anafunsa.

"Mwana wanga, sindinawerenge," anayankha achemwali.

Mai Tino anapukusa mutu pang'ono, koma sanakalipe. Anatifotokozera kuti m'kompyuta ngati imeneyi maimelo onse, kuyambira yoyamba mpaka ya dzulo, amakhala m'fayilo imodzi yaikulu. Magetsi akazima pulogalamu ili mkati molemba m'fayiloyo, ntchito imasiyidwa patheka, ndipo pulogalamu sidziwanso kuti imelo iyi ikuyambira pati nkuthera pati. Ukamaitsegula mobwerezabwereza, nthawi zina umangokulitsa bala. Anati fayilo ya achemwali inalinso itatupa kwambiri ndi mavidiyo a maukwati ndi maliro amene abale amatumiza, ndipo fayilo yotupa choncho sichedwa kuwonongeka.

Ndinafunsa chifukwa chake pa intaneti panalibe kanthu. Anati zaka zimenezo malo a pa intaneti anali ochepa, ndiye pulogalamu ankaitchera kuti ikakoka imelo, izifufuta kumene yaitengako. Palibe amene anadzasintha.

"Ndiye kuti padziko lonse lapansi imelo ya malemuyi ili m'bokosi lokhali?" ndinafunsa.

"Ngati anatumizira achemwali anuwa okha, ee."

Sanayambe ndi kukonza. Anayamba wakopera fayilo yowonongekayo malo awiri osiyana, ndipo pulogalamu yokonzera anaiyendetsa pa yokoperayo, yeniyeni osaikhudza. Anati chokonzeracho chikapeza mbali imene sichikuimvetsa chimangoidula nkutaya, ndiye ukayamba ndi yeniyeni ulibenso kobwerera. Tinakhala pabenchi tikuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono. Kakaima, mtima wanganso unkaima. Milomo ya achemwali inkangogwedera, ndikudziwa ankapemphera. Potsiriza Mai Tino anati tipite, tibwerenso Lachitatu.

Masiku amenewo chakudya sichinalowe. Ndinkangoona thirakitala m'maso.

Tsono poti ndinalibe chochita, ndinayamba kuganiza za ife, ana ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi. Mbiri yathu ili kuti? M'mabuku a sukulu mulibe. Mudzi umene agogo anachokera, mfunda wathu, amene anaikidwa pati, zonsezi zinkakhala m'mitu ya akuluakulu. Akuluakulu atayamba kutha tinazisamutsira m'mafoni ndi m'makompyuta, mitima nkukhala pansi kuti basi, zasungika.

Zasungika kuti?

Nkhalamba ikamadwala imaonekeratu, mumaitana ana kuti abwere adzamve mawu. Kompyuta sibuula. Lero ili bwinobwino, mawa yakana. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo magetsi a kuno kwathu sapereka ndi moni womwe akamachoka.

Ndiye tili ndi chizolowezi china. Banja lililonse lili ndi munthu mmodzi wosunga zinthu. Mukafunsa chithunzi cha agogo, yankho ndi lakuti chili ndi azakhali. Mukafunsa adiresi ya abale a ku Dedza, ili ndi amalume. Tonse timagona tulo tabwino poti zili ndi uje. Koma uje azisunga m'chinthu chimodzi, chinthucho chili pathebulo limodzi, cholumikizidwa ku waya mmodzi. Kodi tinayamba tamufunsapo uje kuti atigawireko?

Taonaninso mmene timazimitsira zinthu. Poopa kuti mayunitsi a magetsi angathe, timangofikira kukhoma nkudina, kompyuta ili mkati mwa ntchito. Achemwali anavomera okha kuti amatero, ine ndimatero, inunso musakane. Mai Tino anati zimenezi sizisiyana ndi kuzima kwa magetsi kuja. Tsekani kaye pulogalamu ya maimelo, muipatse kanthawi imalize kulemba, muzimitse kompyuta mwa njira yake, kenako mupite kukhomako. Amene angakwanitse agule kabatire kaja kamene kamagwiriza kompyuta magetsi akazima, kuti apeze mpata wotseka bwino.

Anatiuzanso zina tili pabenchi paja, ndipo ndikuzipereka kwa inu mmene ndinazimvera. Maimelo akale musawasiye m'fayilo imodzi ndi atsopano, asamutsireni kwina kuti fayilo isatupe. Mavidiyo amene munaonera kale, chotsani, osaiwala kukhuthula ndi ku zinyalala komwe. Funsani wodziwa akuonereni ngati pulogalamu yanu ikusiya maimelo pa intaneti kapena ikufufuta. Ndipo chithunzi kapena chikalata chimene simungachipezenso kwina, chitulutseni mu imelomo, muchiike pa fulashi, mutumizire abale angapo, musindikize ndi papepala pomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zikakuchitikirani, siyani kudinadina, musalole aliyense kukonza asanakopere fayiloyo kwina.

Zonsezi nzosavuta. Nchifukwa chake zimandiwawa.

Lachitatu tinafika shopu isanatsegulidwe. Mai Tino anati maimelo ambiri abwerera, koma asakanikirana, ena alibe mitu, ena alibe madeti. Analemba dzina la Yohane pamalo ofufuzira. Imelo ija inatuluka. Achemwali anandigwira mkono mwamphamvu mpaka ndinamva zikhadabo.

Moni wa malemu unalipo wonse, ndi nthabwala zawo zija. Analemba kuti mukatsika basi mutsate kanjira kodutsa pamlatho waung'ono, mukafika pamene panali nyumba zowotchera fodya mukhotere kumanzere, ndipo mukaona mtengo wa mkuyu. Zitangotha pamenepo, mawu anasanduka tizizindikiro topanda tanthauzo mpaka kumapeto.

"Tsegulani chithunzi," anatero achemwali.

Chinatseguka kuyambira kumwamba. Tinaona mitambo, mapiri awiri kumbuyo, nthambi za mkuyu, kenako nkhope ya a Yohane, ali ndi shati yawo ya mizeremizere ija. Mkono wawo wamanja unatambasuka kuloza pansi. Kuyambira m'chiuno kutsika, chithunzi chonse chinali chotuwa, mulibe kanthu.

Mai Tino anayesa njira ina pa fayilo yachiwiri ija, ndipo chinatuluka chimodzimodzi. Anapepesa ngati walakwa ndiye. Tinaimbira msuweni wathu wa ku Joni kufunsa ngati angalowe mu akaunti ya malemu. Anati inatsekedwa kalekale chifukwa chokhala osagwiritsidwa ntchito.

Lachisanu tinapita ku Odzi ndi theka la chithunzi lomwelo, titalisindikiza papepala. Achemwali ananyamula khasu, poti kwathu munthu sapita kumanda chimanjamanja, amakalambula. Mwini puloti anatilandira bwino nkuyenda nafe. Mlatho tinaupeza. Njerwa za nyumba zowotchera fodya zija tinazipeza. Mkuyu unadulidwa kalekale, ndipo ngakhale chitsa sanathe kutilozera.

Kunatsala mapiri, poti iwo sasamuka. Tinayenda m'tchiremo uku ndi uku dzuwa likuswa mtengo, pepala lili m'manja, kufuna pamene mapiri awiriwo akuoneka mmene akuonekera kumbuyo kwa a Yohane. Ukasuntha pang'ono akufanana, ukasunthanso akufananabe. Tinatsala ndi malo aakulu ngati bwalo la nyumba ziwiri.

Bambo aja anaima nthawi yaitali akuyang'ana malowo. Kenako anakhoma zikhomo m'makona onse, nkunena kuti chaka chino thirakitala izungulira. Za chaka chamawa anati sangalonjeze, poti nawonso ali ndi ana ofuna polima. Ndinawathokoza ndi mtima wonse, koma mantha sanandichoke, ndipo mmene ndikulemba pano sanandichokebe. Ngati pali wina amene anakulira pakomboni imeneyo, kapena amene malemu anamuonetsako chithunzi chimenechi, tili ndi chaka chimodzi chokha choti timupeze.

Nanga inu, chinthu chimene banja lanu silingachipezenso kwina chili m'bokosi la ndani?

Bambo aja atapita, achemwali anaima pakati pa zikhomozo, khasu lili paphewa.

"Achimwene, ndilambule pati?"

Anayambira pakona imodzi, ine ndinakabwereka khasu lina. Tinalambula malo onsewo. Popemphera tinagwada pakati, ndipo achemwali anayamba ndi kupepesa amayi, ngati mwina tawaponda.