Tinalekezera pa Mu

Anyamata a chipani sanapereke odi, pakuti chigafa cha fodya chilibe chitseko. Linali Lachiwiri m'mawa, nyengo yosoka fodya, kumudzi kwa mkazi wanga kufupi ndi Chisemphere, kumene ndinkakhala pa chikamwini. Ana athu anali atachotsedwa sukulu chifukwa makolofe tinakana kugula khadi la chipani. Ndinkawaphunzitsa ndekha pansi pa fodya wopachikayo, ndikulemba padothi ndi chala. Ndinkati, "Yang'anani pakamwa panga. Tsekani milomo, mmm. Tsekulani, a. Ma."

Anyamata a chipani anafufuta zilembozo ndi mapazi, natimanga amuna onse a mpingo wathu amene anatipeza. Pakati pathu panali apongozi anga aamuna, nkhalamba yosapondapo m'kalasi. Chikwatirire ndinali ndisanawayang'ane kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatukira kuudzu n'kunjuta.

Ku Boma wapolisi anati, "Unkaphunzitsa ndale."

Ndinati, "Ndinkaphunzitsa a, e, i, o, u, bwana."

Analemba. Mlandu sunazengedwe.

Kundende msilikali wina anamva nkhaniyi ndipo inamusangalatsa. Masana tikachoka kumunda wa ndende ankakhazika okalamba athu padzuwa, atatambalala ngati ana, mitu yometedwa mpala. Ine ankandipatsa khala ndi kandodo.

"Aphunzitsi, belu lalira."

Ndinalemba pakhoma ma, me, mi, mo, mu. Lamulo linali lakuti wolakwitsa amenyedwe ndi mphunzitsi wake. Ndinaloza me. Apongozi anati mu.

"Mwana uyu ndi mbuli," anatero msilikaliyo. "Mlangeni."

Ndinakana. Anawalanga yekha ndi chibonga chake. M'mawa mwake apongozi anapita kumunda atagwiriziridwa.

Atalakwitsanso, anatambasula dzanja asanauzidwe, maso ali pansi. Anati, "Menyani, bambo. Dzanja lanu n'lopepukirapo."

Ndinamenya. Sizinathere tsiku limenelo.

Malemba amanena za ana amene anayenda chafutambuyo kukafunditsa bambo wao kuti asaone umaliseche wake. Ine ndinaima chopenya, ndodo ili m'manja.

Njira yoti asamenyedwe inali imodzi, kuti adziwedi zilembozo. Tikupalira chimanga ndinasendera kumzere wao.

"Apongozi, mundikhululukire. Muyenera kuyang'ana pakamwa panga."

Anakhapa udzu umene unali patsogolo pao. Kenako anaweramuka. Aka kanali koyamba kuona nkhope yao bwinobwino. Mano akutsogolo analibe. Sindinafunse ngati anaguluka kale kumudzi kapena tsiku limene ndinakana lija.

Ndinawaonetsa kuti ponena o milomo imazungulira, ndipo chilembo chake n'chozunguliranso. Ndinajambula pamzere ndi chala. Ndinati u ndi mtondo wopanda musi, i ndi mtsikana wowonda wasenza kachikho. Anaseka pang'ono, nati, "Ndiye ana aja mumawanamiza chonchi?" Tsiku lililonse tinkalemba n'kukwirira ndi khasu.

Chimanga chisanamasule anawerenga mzere wonse osaphonya, kutsogolo ndi chobwerera. Msilikali analoza uku ndi uku, osawakola. Analavula malovu.

"Sukulu yatsekedwa. Ana ake achenjeretsa."

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Tsiku lina m'mawa anatiitana pachipata n'kutiuza kuti tizipita. Chifukwa sanatiuze, monganso sanatiuze potimanga.

Ndinkaganiza kuti ufulu ndi kuyenda kumene ufuna. Ndinayenda mpaka ku Kaluluma wopanda wondifunsa, koma kanjira kodutsa pakhomo pa apongozi kanandikanika. Ndinkazungulira kuseri kwa khola. Anthu ankanditama kuti ndine mkamwini waulemu. Mkazi wanga sindinamuuze kanthu. Ana akabwera ndi kufunsa za ma, me, mi, ndinkati ndatanganidwa. Ndikayamba kupemphera ndinkalekezera panjira.

Fodya atapachikidwanso, ndili ndekha m'chigafa, ndinamva odi. Anali apongozi. Ndinafuna kutulukira mbali ina, koma anali atakhala kale pansi. Anasalaza dothi ndi chikhatho, chomwe ndinkamenya chija.

"Bambo, tinalekezera pa mu. Chotsatira n'chiyani? Ndikufuna ndidziwerengere ndekha Mawu a Mulungu maso asanachite khungu."

Ndinagwada. Ndinalemba, koma chilembo choyamba chinapindika. Anachifufuta okha, nadikira.

Ndinalembanso. Ndinati na. Iwo anakweza mutu, nayang'ana pakamwa panga.