Msana Wanga Wozizira

Bambo a kunyumba atapita ku Joni, matipate atangoyamba kumene, nyumba yathu ya ku Mitundu inandikana. Ndinkasesa posesa kale. Minibasi ikaliza hutala pamsika, mtima m'mwamba ngati akuitana ine. Ndiye amayi a kutchalitchi atati akufuna wothandiza kunyumba ya ana amasiye ku Nathenje, popanda malipiro, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Kumeneko ndinapeza kamwana kakamuna, kakhanda. Mayi ake anali tenanti pa esiteti ya fodya, wochokera kutali, ndipo anamwalira mwambo wotengera mwana kumphasa usanachitike. Mwana wotere kwathu amati ndi wozizira. Akagwiridwa ndi munthu amene akugona ndi mwamuna, amati amatupa masaya ndi miyendo, mwinanso kufa kumene. Amayi onse a pamenepo anali apabanja. Pamapemphero ankati zimenezo n'zachikunja, koma kamwanako kakalira, aliyense manja ali ndi ntchito. Akhristu ife!

"Inu mayi a ku Mitundu, bambo ali kunja," anatero amayi oyang'anira nyumbayo. "Wobereka ndinu."

Ndinakabereka. Kankanunkha mkaka wa m'chitini, kankandikodzera kumsana, ndipo tulo kankapeza pokhapokha ndikuyenda. Wosakhazikika ine ndinapeza mnzanga. Tinkazungulira bwalo lija mpaka udzu unatha m'mene tinkaponda. Ndinakakonda, sindibisa.

Kenaka unabwera uthenga woti bambo apeza chipinda, ndipite. Abale inu, ndinavina! Kugwira pasipoti, ine? Za kamwana ndinazikumbukira chitenje chitandikoka pachifuwa. Amayi oyang'anira anapeza namfedwa wina wa m'mudzi wapafupi, wodwaladwala, woti azikabereka. Ndinamupatsa chitenje changa n'kukwera basi.

Mwanza, Tete, Zimbabwe, maso ali pawindo njira yonse. Ku Joni ndinaona misewu yodutsa pamwamba pa inzake. Koma chipinda chija chinali kuseri kwa nyumba ya abwana awo, ndipo bambo akapita kuntchito ankati ndisatuluke, kunja n'koopsa. Ndinayambanso kuzungulira, kuchoka pabedi kufika pachitseko, msana uli pepuu. Ndinkadabwa nditayamba kudzigwedeza ndekha ndikutsuka mbale. Ndili ku Nathenje ndinkafuna Joni, ndili ku Joni mtima ku Nathenje. Munthu wotani ine?

Masiku a pa pasipoti atatha ndinabwerera. Ku Mitundu sindinafike n'komwe, ndinatsikira pa Nathenje ndi chikwama changa.

Namfedwa uja anali atagonekedwa kuchipatala. Kamwana ndinakapeza pamkeka, kakutsegula m'mimba, kataonda, mkaka akukamwetsa kali chigonere kuti asakanyamule. Katandiona kanakweza timanja. Ndinaponya chikwama pansi.

Amayi oyang'anira anandigwira mkono.

"Mwachokera kwa bambo, mayi."

Ndinapsa mtima, iii! "Si inu mumati zimenezi n'zachikunja? Mwana akufa apa!"

"Ndimatero ndithu," anayankha motsitsa mawu. "Nanga mukakagwira lero, mawa n'kutupa, mudzati chiyani?"

Zoti ndimakhulupirira kapena ayi, mpaka lero sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachita mantha. Ndinakhala pansi pafupi ndi mkeka uja, manja anga ndinawakhalira, kamwana kakulira kakuyang'ana ine.