Chitini cha Abuya pa Njinga ya Asekulu

Ndikakumbukira abuya anga a NyaKayira, amene anabereka amayi anga, ndimamva fungo la oyilo wopserera losakanikirana ndi la mawere oyanika pamphasa, ndipo ndimawaona atanyonyomala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Nthalire, manja ali bii, akuuza asekulu zimene maso awo akuona pansi pa injini. Asekulu, amuna awo a Munthali, ankakhala pampando pambali pawo, mutu atapendeketsa, akumvetsera.

Njinga yamotoyo inali ya asekulu. Anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Zambia ine ndisanabadwe, ndipo inanyamulapo odwala, akwati, nkhuku ndi matumba a nyemba a mudzi wonse. Koma pamene ine ndinkapita kukakhala nawo, ndili Sitandade 3, ng'ala inali itaphimba maso awo onse awiri. Njinga inkangokhala pakhonde. Loweruka lililonse ankaipapasa, n'kuiliza pang'ono kuti aimve, kenako n'kuizimitsa.

Chaka china, mvula ili pakati, bambo wa zaumoyo wa m'dera lathu anabwera kudzanena kuti mwezi wotsatira dokotala wa maso adzafika kuchipatala cha kuboma, ndipo ng'ala ngati ya asekulu amaichotsa. Koma basi inali itasiya kubwera chifukwa cha matope, ndipo ku Chitipa boma si koyenda pansi ndi munthu wosaona. Malume anga a Yotamu anayesapo kale kuyendetsa njingayo, nakagunda nkhokwe, ndipo analumbira kuti sadzaikhudzanso.

"Basi, Chiuta sanafune," anatero asekulu.

Abuya anali akupeta. Anaika lichero pansi. "A Munthali, Chiuta musamunamizire. Ndikupititsani ndine."

"Inu? Ngakhale njinga yakapalasa simunakwerepo."

"Nanga inu munabadwa mutakwera?"

Anayamba kuphunzira pabwalo la mpira la kusukulu kwathu, ana tikaweruka. Abuya kutsogolo, chitenje atachimanga zolimba, asekulu kumbuyo atawagwira m'chiuno, akulamula ndi khutu lokha: "Giya! Pachokopachoko, mosathamanga, musaikwiyitse! Buleki!" Anthu ankabwera kudzaseka, ndipo ine poyamba ndinkabisala kuseri kwa kalasi. Koma masiku atapita, kuseka kunachepa, ndipo ndinayamba kuima kutsogolo kuti aliyense adziwe kuti amenewo ndi abuya anga.

Tsiku limene anayesa msewu weniweni, anagwa. Anali akutsika chitunda cha kudambo, tayala lakumbuyo linatsetsereka, onse awiri n'kugubudukira m'udzu. Abuya anasupuka chigongono, asekulu anatupa bondo. Atafika kunyumba, asekulu anapapasa tayalalo nanunkhiza zala zawo.

"Si inu mwatigwetsa ayi," anatero. "Ndi oyilo."

Anafotokoza kuti pansi pa injini, mmene mumakhala oyilo, pali kapayipi kamene injini imapumira. Injini ikakalamba, mpweya wotentha umathawira m'menemo wambiri, ndipo potuluka umatenga oyilo ngati nkhungu. Njinga ikakwera phiri, kapayipiko kankalavulira nkhunguyo patayala ndi pabuleki. Mankhwala ake enieni anali malingi atsopano a pisitoni, timikombero tachitsulo ta m'kati mwa injini, koma zimenezo ku Chitipa kunalibe.

Malume anati, "Bwanji tingotseka kapayipiko ndi kamtengo?"

"Yamba watseka mphuno zako, tione," anayankha asekulu.

Abuya sanaseke. "Chotentha satsekera," anatero. "Ndinaonapo mbiya itaphulika." Anapaka mafuta pachigongono, kenako anafunsa, "A Munthali, mwati oyiloyo amatuluka ngati nthunzi?"

"Eya."

"Ndiye akazizira sangabwerere kukhala oyilo?"

Asekulu anamwetulira mwachilendo. "A NyaKayira, mukufuna kukumbutsa zakale pamaso pa mwana?"

Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti abuya anga, amene ankatsogolera nyimbo m'gulu la amayi kutchalitchi, anali katswiri wotcheza kachasu pamene asekulu anali kumigodi, ndipo kachasuyo ndi amene anaphunzitsa amayi anga sukulu. Anasiya kalekale ndipo sankazitchula. Koma tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso nati, "Wamva, ndipo usachite manyazi. Tchimo ndinasiya, nzeru yake sindinataye."

Anatenga chitini cha mkaka waufa chimene ankasungiramo mchere, nakhuthulira mcherewo m'mbale. Anaboola chitinicho pambali chapakati, ndi pachivundikiro, ndi kabowo kakang'ono pansi. M'kati anafuna kuikamo thonje, koma asekulu anakana, ati likanyowa lidzatseka mpweya. Anakangana mpaka abuya anakatenga waya wotsukira mapoto, n'kumufwanyulira m'chitinimo motayana. Asekulu analowetsamo chala, nauzira pabowo lapambali, namva mpweya ukutulukira pamwamba. "Yewo," anatero. "Uyu ndiye."

Payipi yolumikiza kapayipi ka injini kaja ndi bowo lapambali anadula yakale ya petulo. Pomata, asekulu ndiwo ankadziwa kusungunula mtovu, koma dzanja logwira chitsulo chotentha linali la abuya. Ndimakumbukira utsi wa makala, kununkha kwa mtovu, ndi mawu a asekulu akuti, "Chayera? Chikuwala? Ndiye chotsani." Pa malo omangirira chitini anakangananso. Asekulu ankafuna pafupi ndi injini kuti payipi ifupike. Abuya anati ayi, chikhale pamene mphepo ikuwomba, chifukwa nthunzi siigonja pamalo otentha. Anapambana ndi abuya. Anachimanga ndi mphira m'mbali mwa njinga, kabowo kapansi n'kutsekapo ndi kabawuti.

Anakwera chitunda cha kudambo n'kutsika, n'kukweranso. Atabwerako, asekulu anasisita tayala ndi chikhatho nachionetsa kwa ife. Munali fumbi lokha. Abuya anamasula kabawuti kaja, ndipo oyilo wakuda anadontha m'chigoba, dontho ndi dontho. Sanamutaye, anamupaka patcheni.

M'mawa wa ulendo, mudzi wonse unadzuka. Abuya anavala diresi lalitali, chitenje pamwamba, jekete la asekulu la kumigodi ndi duku lomanga kawiri. Ana tinathamangira njingayo mpaka kumagolosale, kumene anyamata a chipani anali atapingasa mtengo pamsewu. Makadi a chipani abuya ndi asekulu anaonetsa. Koma mnyamata wina anazungulira njingayo akuyang'ana miyendo ya abuya, poti masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku.

"Mama, mkatimo simunavale thalauzi?"

"Mwana wanga, diresi ili ndi lalitali kuposa iwe. Chotsa mtengowo, dokotala sadikira."

Anzake anaseka, ndipo anachotsa mtengowo yekha. Abuya analowetsa giya osagwedeza ngakhale pang'ono. Ndinaima pakati pa msewu mpaka phokoso linazimirira, ndikuuza aliyense, ngakhale amene ankawadziwa kale, kuti amenewo ndi abuya anga.

Masiku otsatira anali aatali. Mvula ikagwa, malume ankangoyang'ana kumapiri. Palibe uthenga unabwera. Kenako masana ena, tili m'kalasi, ndinamva kulira kwa njinga kumene sindikanakusokoneza ndi kwina. Ndinatuluka osapempha, ndipo aphunzitsi, m'malo mondikalipira, ananditsatira.

Abuya ndi asekulu anali odzaza matope mpaka m'mawondo. Asekulu anali ndi magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Diso limodzi linali litatheka, linalo dokotala anati lachedwa. Anatsika, nandigwira chibwano, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kani ndiwe wamtali chonchi? Ndipo mphumi iyi ndi ya amayi ako."

Kenako anawerama kuona chitini chija, chimene anali atachidziwa ndi zala zokha. Chinali chopindika, chomata mokhota, chithunzi cha ng'ombe chikuonekabe. Anaseka mpaka misozi. "Chonyansa bwanji! Koma njira yonse, mapiri onse aja, sitinatsetsereke."

Malume anafunsa ngati tsopano asekulu ayambiranso kuyendetsa. Asekulu anapukusa mutu. "Ine zaka zonse zija ndinkangoona msewu. Pobwera pano ndaona mapiri, ndaona minda, ndaona mkazi wanga akudula matope ngati msilikali. Malo anga ndi kumbuyo." Ndipo mpaka njingayo inatheratu, woyendetsa anali abuya. Amayi oyembekezera a m'mudzi ankachita kusankha kuti awanyamule iwowo.

Lero ndine namwino, ndipo kumidzi kumene ndimakapereka katemera ndimapita pa njinga yamoto, nditavala buluku popanda wondifunsa. Atsikana ang'onoang'ono amandithamangira, ena n'kumafunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndimawauza kuti kwathu ku Nthalire kuyendetsa njinga ndi ntchito ya akazi kuyambira kale, ndipo ndimatchula dzina lonse la amene anaiyamba.