Galimoto Imene Tinabweza ndi Ng'ombe

Ndisanayambe nditchule mboni, chifukwa kwathu kuno amati ine ndimakometsera nkhani. Yoyamba ndi a Nangozo, amene anandilemba ntchito; mukawapeza pamsika wa Ulongwe akugulitsa kachewere. Yachiwiri ndi alongo awo, a Zuze. Zinalipo zina ziwiri, Kapitau ndi Mdima, koma izo ndi ng'ombe, ndipo Mdima tinamudya paukwati. Kapitau alipo. Mukamufunse.

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha karta yoyendetsera galimoto. Nditabwera nayo kuchokera ku Tete, ndinkaiika m'thumba la malaya, kamutu kakusuzumira kunja, ngakhale popita kukapalira. Wondilemba panalibe. Pansi sindinkakhazikika. Kutacha ndili pamsewu, kumadzudzula oyendetsa mashapa, maminibasi a kwathu kuno, kuti akuchedwa kusintha giya.

A Nangozo anandiimitsa potuluka misa ku Fonte Boa. Mayi ameneyu anabwera kuchokera kothawa nkhondo ku Dedza ali ndi khasu lokha, n'kulima kachewere mpaka kugula ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Kapitau ndi Mdima aja. Tsopano anali atazigulitsa kwa a Zuze, n'kuphatikiza ndi za zokolola, kuti agule karinya, kagalimoto kotsegula kumbuyo.

"Iwe Jowakimu, galimoto umaidziwadi?"

"Mayi, ine ikangolira ndimadziwa chimene yadya."

"Malipiro ako atuluka m'maulendo ake. Ikayenda, udya. Ikaima, waima nawe."

Tinapita ku Ulongwe kwa a Kandidu, ogulitsa magalimoto akale mumpanda wa malata. A Nangozo anagula galimoto monga timagulira ng'ombe. Anatenga a Zuze ngati mboni, anaizungulira, anaimenya m'nthiti, kenako anafunsa funso la pakhola: "Ili ndi matenda amene mukuwadziwa?"

A Kandidu anagwira pachifuwa. "Iyi? Ankayendera masisitere. Sinamvepo ngakhale kutukwana."

Kuyesa kunali kwanga. Ndinasolola kawaya koyezera oyilo, ndinaponda matayala, ndinaliza hutala kawiri. Tinaiyendetsa masana, injini ili yotentha kale, kumbuyo kopanda katundu, pamsewu wosalala umene a Kandidu anasankha okha. Kaisha, bokosi la magiya lija, inali chete ngati mkamwini pamaso pa apongozi. A Nangozo anasaina pepala lonena kuti agula monga aionera.

Sabata isanathe, tinapakira matumba a kachewere m'mawa wozizira, uja woti mano amaombana okha. Titawoloka mtsinje n'kuyamba chitunda, giya yachiwiri inadumpha yokha. Ndinaibwezera. Inadumphanso. Kenako pansi panamveka phokoso ngati chigayo chameza mwala, ndipo karinya inayamba kubwerera kumene tachokera. Ndinakoka buleki ya pamanja, a Nangozo anadumpha n'kutsekera miyala kumatayala.

Ndinakwawira pansi. Pa kaisha pankadontha oyilo wolimba ngati phala. Nditamutikita pazala ndinamva timibulu. Utuchi. Ndinali nditamvapo ku Tete kuti ena amathira utuchi m'kaisha yakutha kuti mano ake asalire pamaso pa wogula, koma ndinkayesa nthano.

A Nangozo anaimbira a Kandidu, foni ili pokweza.

"Yatuluka pageti, ndi yanu," anatero a Kandidu. "Kamnyamata kanu ka karta ya dzulo ndiko kathyola magiya. Mukalipiritse iko."

A Nangozo anandiyang'ana osaphethira. Pamenepo ndinaona tsogolo langa lonse: mawu amenewo akangokhazikika, iwo ng'ombe zapita, ine ndikhala Jowakimu wopha galimoto, woti ngakhale njinga sangamubwereke. Ndinatenga sipanala kuti nditsegule bawuti ya pansi pa kaisha, ndiwaonetse utuchi wonse.

"Siya!" anakuwa. "Ng'ombe yogula ikadwala suipha wekha. Ukaipha, mwini adzati unaidyetsa chiphe. Umaibweza ili ndi chikopa chake, mboni zikuona."

"Nanga tiibweza bwanji, siikuyenda?"

"Iyenda."

M'mawa mwake a Zuze anafika ndi Kapitau ndi Mdima, goli ndi tcheni. Kachewere tinamusiya kwa anthu a pafupi. Tcheni tinamangirira pa ngowe ya kutsogolo, ine n'kukhala pachiwongolero, karta ili m'thumba.

Amene sanayendetsepo galimoto yozima injini asandiseke. Chiwongolero chimauma ngati mpini, buleki imasanduka mwala. Pokwera, a Nangozo ankakankha. Potsika, karinya inkafuna kukwera ng'ombe pamsana, ine n'kuimirira pa buleki ndi miyendo yonse iwiri, thukuta lili kamukamu m'chisanu chija. A Zuze ankangocheuka n'kumati, "Ukangogunda mchira wa Kapitau, umukwatira. Ndipo hutala usakhudze, Mdima ndi wamtima wapachala."

Liwiro lathu ndilinena mosawonjezera. Nkhuku inatipitirira. Mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira, anakafika kwawo, anaphika, anasamba, pobwerera anatipeza tikadali pamtengo womwe anatisiya paja n'kutifunsa ngati tadzuka bwino. Anyamata a njinga zonyamula katundu wa ku Kalomwe ankaliza mabelu: "A motorisita, chepetsani, mupha anthu!" Ana a sukulu anatiperekeza akuimba. Ine ndinkakhotabe mwalamulo, kutulutsa mkono pawindo. Funso linali limodzi njira yonse: nanga utuchi ukathera panjira kudontha? Ndinkatsika kukasuzumira pansi pafupipafupi mpaka a Nangozo anati ndikatsikanso andimanga pagoli.

Tinafika tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti. A Zuze anaimitsa ng'ombe chopingasa pageti la a Kandidu, karinya n'kutseka khomo lonse. Mdima anagona pomwepo. Mkati munali bambo ndi mayi akuyang'ana galimoto ina, chikwama chili m'khwapa.

A Kandidu anatuluka akuthamanga. "Mayi, n'chiyani chimenechi? Pano si pa dibi!"

"Ndabweza ng'ombe yanu. Mlongo wangayu analipo pamene munati ilibe matenda."

"Munasaina! Monga mwaionera!"

Phokoso linakoka wapolisi wa pamsewu, amene anabwera kudzafunsa mwini ng'ombe zotseka njira. A Nangozo anamufotokozera, n'kupempha chinthu chimodzi: kaisha itsegulidwe pomwepo, ndipo atsegule makaniko wa a Kandidu, osati ine. "Mwana uyu asaikhudze, angati wathiramo ndi iye."

Makaniko anayang'ana patarau, bwana wake uja, anayang'ana wapolisi, n'kukwawira pansi ndi sipanala ndi beseni. Bawuti itamasuka, kwa kanthawi sikunatuluke kanthu. Kenako kunagwa chibuluma, thapwa, china, thapwa. Utuchi umene unatuluka m'menemo ukanagonetsa anapiye a mudzi wathu wonse. A Zuze amati munali ndi pensulo ya kalipentala, koma ine sindinaione, ndiye sindinena.

A Nangozo anaviika chala m'beseni n'kuchiimika pamaso pa a Kandidu. "Pepala lanu likuti monga ndaionera. Ichi munandionetsa?"

"Patarau," anatero wapolisi, "lamulo loteteza ogula lilipo. Chilema chobisa dala, pepala silichiphimba. Mukonze, musinthe, kapena mubweze ndalama. Mukakana, mayiwa ali ndi kokadandaula, ndipo beseni ili lipita nawo."

Bambo ndi mayi a chikwama aja anali atadutsa kale pakati pa Mdima ndi mpanda, ulendo. A Kandidu anati akonza kaisha mwaulere. A Nangozo anakana: "Munthu amene anandinamiza mkati mwa bokosi, ndimupatsenso bokosi lomwelo?" Anagwirizana zobweza ndalama, a Zuze ndi wapolisi akumva. Kapitau anasainira pageti m'njira yake, ndipo siginecha yake inali yaikulu kuposa ya a Kandidu.

Ndalamazo zinkabwera pang'onopang'ono ngati mvula ya chaka choipa. Tsiku lililonse la msika a Nangozo ankabwereka ng'ombe zija kwa a Zuze n'kuimika ngolo moyang'anizana ndi geti lija, ng'ombe zikubzikula, mpaka a Kandidu atuluke ndi kenakake. Ine ndinkangozungulira ngoloyo, osalimba mtima kufunsa zanga, poti galimoto inaima ndipo pangano linati ndiime nayo.

Lero ndimayendetsa lole ya ku Kalomwe, ndipo wondipempha kuti ndikamuyesere galimoto ndimamuuza zimene ndinaphunzira pachiwongolero chouma chija. Iyeseni m'mawa kukuzizira, pachitunda chosankha inu, katundu ali pamsana. Funsani za matenda ake mboni ikumva. Ikafa masiku oyambirira, musaipereke kwa makaniko wanu. Ibwezeni ili ndi chikopa chake.

Tsiku limene a Kandidu anamaliza kubweza ndalama zija, a Nangozo anandiitanira kuseri kwa ngolo n'kumasula mfundo ya chitenje.

"Ulendo unayendetsa umodzi, wa ng'ombe uja. Unafika. Nayi yako. Ndachotsapo ya mafuta."

"Mafuta ati, mayi? Injini inali yozima."

"Madeya a Kapitau ndi Mdima. Kapena umayesa ankayendera mphepo?"

Ndinalandira ndi manja awiri.