Tsogolani, a Eston

Anzanga, Mwandida ndinakumana naye tsiku lomwe ndinaponda pa Likoma.

Ndangotsika m'boti lotichotsa pa sitima ku Chipyela, buluku lanyowa mpaka m'mawondo, galasi lometera lili pamutu, ndinamva beseni likugwa kumbuyo kwanga. Kucheuka, mtsikana waima chilili, usipa uli mbwee pamchenga, dzanja lili pakamwa.

Ine mumtima: "Eston, mphindi ziwiri zokha wayamba kale kugwetsa anthu!"

Atandiona kumaso anangoti, "Pepani achimwene, ndimayesa munthu wina."

"Wina ngati ine kulibe, chemwali. Anapanga mmodzi basi, fakitale n'kutseka."

Sanaseke. Ndinkayesa manyazi.

Mukundidziwa ine, wometa wa ku Ndirande. Mutu uliwonse wooneka bwino mu Blantyre unadutsa m'manja mwangamu, kafunseni. Koma masaluni atachuluka kuposa mitu, ndinanyamula mashini anga, ulendo ku chilumba. Ndekhandekha, wopanda mkazi, wopanda ngakhale mphaka. Ndinapeza kachipinda pafupi ndi msika kwa mayi Magret, mayi wamkulu wa kwaya. Kuno kulibe zoti minibasi, paliponse ndi wapansi, ndipo aliyense amadziwa agogo a mnzake.

Mwandida kwawo kunali ku Yofu. Akatha kugulitsa usipa ankabwera kudzakhala pabenchi ya saluni yanga, n'kumandiyang'ana ndikumeta nditamufulatira. Sabata zitatu sizinathe, ndinamufunsira. Analola tsiku lomwelo! Ku Ndirande munthu umasainira miyezi isanu.

Ndikamamuperekeza ku Yofu, tikangolowa kanjira ka m'milambe, ankaima.

"Tsogolani, a Eston."

"Tiyendere limodzi, bebi, anthu aone."

"Ayi, tsogolani. Ndipo musamacheuke, mungapunthwe."

Ndikayamba nkhani zanga za m'tauni, iye, "Tatiyeni tiyende chete pang'ono."

Ndinaimbira foni anzanga onse. "Amwene, ulemu uli kuno! Mkazi amayenda kumbuyo kwako ngati ndiwe bishopu!"

Tsiku lina anandigwira kunkhongo n'kunena kuti, "Kumbuyoku musamameteko kwambiri, tsitsi lizikula pang'ono." Ine wometa mabwana, kuuzidwa sitayilo ndi wogulitsa usipa... koma ndinamvera. Chikondi, anzanga.

Mu Juni mwera utayamba kuwomba, anandibweretsera jekete la buluu, lopindidwa bwino, lonunkhira sopo. Linandikwana ngati telala anachita kundiyeza.

M'mawa mwake ndinalivala n'kudutsa dala pakati pa msika. Madala a bawo anasiya kusewera. Mayi wina wogulitsa tomato anadzilemba mtanda. Palibe anandipatsa moni, pachilumba pomwe ngakhale mbuzi imakupatsa moni. Ine ndinkati fasho yawapha.

Kufika kunyumba, mayi Magret anasiya tsache.

"Mwana wanga, vulani chimenecho."

"Amayi, nsanje pa msinkhu wanuwu?"

"Jekete limenelo ndi la Wickson."

Anandikhazika pakhonde. Wickson anali bwenzi la Mwandida, ukwati wawo unali utalengezedwa kale kawiri kutchalitchi. Zaka zitatu zapitazo anawoloka kupita ku Cobue, tsidya la Mozambiki, kukagula ufa, mwera unamupeza pakati pa nyanja. Boti linapezeka, iye ayi.

"Tinadikira, kenako tinaika thunthu la nthochi m'manda," anatero mayi Magret. "Mwandida sanabwere kumaliro. Mpaka lero sitima ikafika amakaima padoko. Kumaso simufanana naye ngakhale pang'ono. Koma nkhongo yanuyo, mapewa, kayendedwe... tsiku lomwe munafika, nane ndinkayesa ndi iyeyo."

"Ndiye chilumba chonse chimadziwa? Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsapo ndani? Inu mumangolankhula."

Anzanga, ine ndimaona nkhongo za anthu tsiku lililonse. Yanga sindinaionepo.

Masana omwewo ndinamuperekezanso, jekete lili pathupi. Titafika m'milambe, iye monga mwa masiku onse, "Tsogolani, a Eston."

Ndinatembenuka n'kumuyang'ana.

"Mwandida, ndiyang'ane kumaso. Ndine ndani?"

Maso ake anathawira pansi. "Ndinu a Eston."

"Nanga amene umayenda naye m'njira muno ndi ndani?"

Misozi inayamba kugwera m'beseni.

"Ndinu munthu wabwino, mumandiseketsa. Koma mukafulatira n'kukhala chete, amakhala ngati wabwera. Chonde... tingofika pa mlambe uwo. Kamodzi kokha."

Mukudziwa chomwe ndinachita, ine shasha wa ku Ndirande? Ndinatembenuka. Ndinayenda. Pakamwa panga pomwe sipatsekeka ngakhale ndili mtulo, ndinatseka.

Kumbuyo ndinkamva mapazi ake, kenako mawu apansipansi, okoma kuposa onse omwe anandilankhulapo.

"Wickson... unachedwa kuti? Wazizidwa?"

Thupi lonse linachita tsembwe, dzuwa likuswa mtengo.

Pa mlambe paja ndinavula jekete, ndinalipinda, n'kuliika m'beseni mwake. Sanandiyang'ane, maso anali pa jekete. Ndinadikira kuti apite kaye, chifukwa sindinafune kuti aonenso msana wanga.

Tsiku lomwelo ndinadzimeta mpala.

Ndikadali ku Chipyela, ndipo mitu ya pa Likoma tsopano ikuwala mpaka ku Mozambiki akuiona. Mwandida amadutsa pa saluni ndi beseni lake, amandipatsa moni ngati mlendo. Sitima ikalira, amathamangira padoko.

Koma ndikamayenda ndekha kanjira ka ku Yofu, ndimamva mapazi kumbuyo. Ndimacheuka, palibe munthu. Ndipo ndikamanyamula galasi kuti kasitomala aone nkhongo yake, ine ndimayang'ana kumbali.

Anzanga, munthu akati amakukondani, muzionetsetsa kuti akunena akukuyang'anani kumaso. Miyezi inayi yonse ndinkadzitama ndi chikondi cha munthu amene ali pansi pa nyanja.